Mpira wa Dzira pa Mzere wa Ufa

Buku limene ndinalikonda kwambiri sindinaonepo chikuto chake. Linkandipeza tsamba limodzilimodzi, lonyowa mafuta, litakulunga vitumbuwa. Mayi wina wa pa msika wa Matero analitola kudzala la ku Chunga, ndipo ankangothothola paliponse pamene chala chagwera.

Zinali zaka zija ufa unkasowa, anthu n'kumalawirira kukaima pa mzere kunja kwa shopu. Sukulu ine ndinaisiyira panjira, koma Chingerezi chokwanira kunamiza anthu ndinali nacho. Ndinatolatola kuti nkhaniyo inali ya mzungu wa ku Amerika wosewera mpira wawo uja wooneka ngati dzira, umene munthu amathawa nawo ataupana m'khwapa, anzake n'kumamugwetsa. Mzunguyo anaphonya mpira pa masewera aakulu, ndiye anapeza makina obwerera m'mbuyo kuti akauwakhe bwino. Poti masamba ankabwera mosokonekera, lero wamwalira, mawa ali kusukulu, mkuja akukwatira. Ine ndinkangoti ndi makinawo.

Ndinayamba kuisimba pa mzere. Mayi wina wojintcha wa ku Chipata, woyandikana nafe nyumba, ankandisungira malo kutsogolo kuti amve zotsatira. Ndiye ndinkagona mpaka dzuwa litatuluka, n'kukafika ngati bwana, madzulo mkazi wanga n'kumanditama kuti ndine wolimbikira. Ufa wa ana anga unkadalira chitumbuwa.

"Imwe bamudala," anatero tsiku lina bambo wina wosoka nsapato, "munthu ali na mashini yobwelela kumbuyo, ayenda kukatenga bola? Osagulako shuga?"

"Ni muzungu, shuga ali nayo," anamudula mayi wa ku Chipata. "Pitilizani imwe."

Kenaka mafuta ophikira anasowanso, vitumbuwa n'kutha. Ndinathamangira kwa mayi wa pamsika kukapempha masamba otsala. Anangondiloza mbaula. Anali atakolezera moto.

Ndinayamba kupeka ndekha. Mzungu ndinamukwatitsanso, ndinamudwalitsa malungo, ndinamutsekera m'chitolokosi. Zinkayenda ndithu, mpaka ndinamudyetsa kapenta, tinsomba touma tija.

"Kapenta ku Amerika?" mayi wa ku Chipata uja anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Mailo musilize nkhani iyi. Ngati simusiliza, mukaime kumbuyo na anzanu."

Kutsiriza kunali kutaya malo, kusatsiriza chimodzimodzi. M'mawa mwake ndinangoti mzungu anabwerera, anauwakha mpira, anthu anaomba m'manja.

"Chabe?"

"Chabe, amai."

Nthawi yomweyo chitseko cha shopu chinatseguka, wina n'kufuula kuti matumba ndi ochepa. Mzere unaphwasuka. Mayi uja anamanga chitenje, anaweramitsa mutu, phewa lake n'kundipeza pamimba. Wosoka nsapato anandiponda pamsana. Ndili chigonere m'fumbi ndinaona mayiyo akutuluka, thumba m'khwapa, akuzemba uyu, kukankha uyo, amuna atatu akulendewera pa iye koma osagwa. Miyezi yonse ija ndinkafotokoza masewera amene sindinkawamvetsa. Tsiku limenelo ndinawaonera pafupi, ulere.

Ndinafika kunyumba chimanjamanja, ndikutsimphina. Mkazi wanga anali pakhomo ndi mayi yemwe uja, akubwerekako ufa wa m'kambale kwa mayiyo, ndipo za kugona kwanga anali atazimva zonse.

"Atate ake," anatero mkazi wanga osandiyang'ana n'komwe, "kwerani makina anu aja mubwerere m'mamawa, mukaime pa mzere ngati anzanu."