Hamala Yanga ndi Tulo ta Mdzukulu

Tsiku limenelo tinalipo anthu asanu ndi mmodzi: ine, mayi akunyumba, mwana wanga wamwamuna wa ku Chitawira, mkazi wake, mkulu wake wa mkaziyo amene amayeza ana kusikelo, ndi mwini nkhani, mdzukulu wanga wa zaka zitatu. Linali Lamulungu, titangochokera ku Misa, pakhonde panga ku Ndirande.

Ine ndine wokhoma zidebe. Mbaula, ndowa, makeni othirira, funsani aliyense. Sukulu ndinalekera Sitandade 2 ku Nsanje, koma hamala yanga yaphunzitsa ana anayi. Makolo a mwanayu onse ankagwira ntchito m'tauni, ndiye m'mawa uliwonse ankamusiya kwa ife. Ndinkamutcha mnzanga wolimbirana naye mkazi, poti agogo ake ankati mwamuna wawo weniweni ndi iyeyo.

Lamulo langa linali limodzi: mwamuna sagona dzuwa lili pamutu. Akayamba kusinza titatha kudya, ndinkamupatsa kachitini ndi kamtengo. "Khoma, bwanawe!" Ine ngo! ngo! iyenso ngo! ngo! mpaka madzulo.

Tsono Lamulungulo anabwera kudzandilanda mwanayo. Mpongozi sangandiyankhule maso ndi maso, ndiye anayang'ana kwa mayi akunyumba.

"Amayi, auzeni ababa kuti mwanayu akafika kunyumba amangolira. Chakudya amakankha. Dzana anandiluma. Kuyambira mawa azikaswera kwa achemwali angawa ku Kanjedza."

"Mwamva?" anatero mayi akunyumba, ngati kuti ine ndinali ku Limbe.

Ndinamva, ndipo a nyumba zoyandikana anandimvanso ine. Ndinati mwana ameneyu anabwera kuno wolobodoka ngati mpiru wa dzulo. Ndani anamupangira galimoto yawaya? Amatsika nayo mpaka pampopi, kukwera chitunda kawiri, katatu, kuthamangitsa abakha a anthu. Ku Kanjedza akathamangitsa chiyani?

"Bambo, pa zothamangazo sindikutsutsani," anatero wa kusikeloyo. "Miyendo yake ndi yolimba, ndipo kwathu akangokhalira kuonera tivi. Koma mwana wa msinkhu uwu akasewera m'mawa wonse, masana agoneko. Kulirako si mwano, ndi kutopa."

"Kutopa? Wasenza matumba angati?"

Ndinaimirira. Ndinawauza za ine, mmene ndinkayendera pansi kuchokera ku Ndirande mpaka ku Bangwe ndowa zili pamutu, osagona panjira. Ndili pakati pofotokoza, mayi akunyumba anandikoka malaya.

"Inu, tayang'anani mnzanu."

Anali kunsi kwa benchi yanga yogwirira ntchito, pachiguduli, kukamwa yasa, kachitini kali m'manja. Nsapato za kutchalitchi osavula n'komwe. Kukuwa kwanga konse kuja, iye osatembenuka. Lamulungu sindigwira hamala, ndiye panalibe womupatsa kamtengo. Ndinayang'ana dzuwa. Inali nthawi yomwe ija ndinkamuuza kuti khoma.

Ndinakhala pansi. Mawu otsalawo ndinawayankhula motsitsa, moti mayi akunyumba anachita kusendera pafupi.

"Muuzeni mpongozi kuti tikadya, hamala izipuma mpaka thu koloko. Ofuna mbaula adikire. Koma m'mawa ndi wanga, azithamanga."

Mayi akunyumba anabwereza zomwezo, ngakhale aliyense anali atamva. Mpongozi anayang'ana mkulu wake, kenako mwanayo. Anagwada, namuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Amayi, auzeni kuti mawa tibwera naye."

Tinadikira pakhondepo mpaka mwanayo anadzuka yekha. Anapempha madzi, anadya mbatata yonse, osalira.

Powaperekeza kusiteji ya minibasi, mwana wanga anatsalira m'mbuyo kuti tiyende awiri.

"Ababa, ine ndakulira pakhomo panu, koma sindinakumvenipo mukunong'ona mpaka lero. Mawa ndibweretsa kamphasa kake. Ndibweretse tiwiri, kuti nanunso muzigonako?"