Thabwa lotsikira pakhonde

Akalipentala a kuseri kwathu ndi munthu wanthabwala, pensulo kukhutu tsiku lonse. Bambo atayamba kuyendera njinga ya olumala, akalipentalawa ndiwo anatikhomera thabwa lotsikira pakhonde. Koma linali lalifupi, lotsetsereka koopsa. Bambo atayesa kutsika anakaimira kumpanda, ndipo anakaniratu zotulukanso m'nyumba.

Ine sukulu ndinasiya, ndipo pakhomo palibe amene amandifunsa nzeru. Komabe ndinajambula galafu ya timabokosi pakatoni: mzere woimirira kusonyeza msinkhu wa khonde, wopingasa kusonyeza mtunda wa pansi. Ndinapita nayo kwa akalipentala.

"Taonani, amisiri," ndinatero. "Tigawe msinkhuwu ndi mtundawu. Yankho likachepa, thabwa ligona bwino."

Ndinkaganiza kuti andithamangitsa. Iwo anangokhala pansi.

"Iwe, bwereza pang'onopang'ono. Mutu wangawu munadzaza utuchi."

Anawerenga okha timabokosi ndi chala, nkugwedeza mutu, kenako anandigwiritsa tepi yoyezera.

Thabwa latsopanoli ndi lalitali, ndipo bambo amatsika okha kukaothera dzuwa. Anthu akamayamikira, akalipentala amaloza ine: "Thokozani injiniya wangayu." Ndimayesetsa kuti ndisamwetulire, koma zimandikanika.