Kochi Sanjuta

Anganga anamwalira kutatsala pang'ono kuti maphunziro a ukochi wa mpira ayambe. Ndinapita kumaphunziroko ndili ndi mpala wa maliro, ndipo mphepo ya mu Juni yotsika m'phiri inkandizizira m'mutu ngati andithira madzi. Chisoni sindinkachimva. Ndinkadikira kuti chibwera, koma sichinkabwera. Ndinkadzuka, kusamba, kukhoma chitseko, n'kuyamba kuyenda kuchoka ku Sadzi kulowera ku Chirunga.

Makolo anga sindiwakumbuka bwino. Amayi ndimakumbukako chitenje chawo, nkhope ayi. Anandilera ndi anganga, amayi awo a amayi anga, amene anachoka ku Mozambiki ali mtsikana ndipo mpaka imfa yawo nkhuku ankazikalipira m'Chilomwe. Ntchito yawo inali yotola nkhuni kuphiri n'kumagulitsa m'makomo. Ndili wamng'ono ndinkawatsata pambuyo ndi kamtolo kanga. Sankayankhula zambiri. Zimene anandiphunzitsa zinali zochepa, ndipo ankaziphunzitsa ndi dzanja. Ndikaima pamene wamkulu wakhala pansi, ankandikoka kabudula mpaka ndinjute. Ndikayang'ana wamkulu m'maso, chala chawo chinkafika pachipumi panga. Ankati mwana wamasiye sakweza mawu, chifukwa akalakwa alibe wokamupepesera. Pofika paunyamata thupi langa linali litazolowera. Sindinkachita kuganiza, mawondo ankapinda okha.

Mpira ankadana nawo. Ankati umatha nsapato ndiponso umaitana njala. Ine sindinali katswiri, choncho nthawi zambiri ndinkaima kuseri kwa golo n'kumaonerera. Ndinkaona kuti uyu akatopa amagwira m'chiuno, uyo sakhulupirira mwendo wake wamanzere, winayo amasewera bwino pokhapokha bambo ake akakhala kuti palibe. Anyamata a m'dera lathu anayamba kundipempha kuti ndiziwagawa m'matimu, kenako kuti ndizinena woyamba kusewera ndi wodikira panja. Ndi mmene ndinapezekera ndili ndi timu, popanda wondisankha. Sindinkakuwa. Ndikafuna kukonza munthu, ndinkamuitanira pambali n'kumuuza chapansipansi.

Anganga anadutsako tsiku lina pabwalo lathu ali ndi mtolo pamutu. Madzulo ake anati, "Amuna anga, ndiye ntchito yanuyo ndi yongoima? Anzanu akuthamanga, inu mwangoti njo ngati mtengo wa magetsi."

Timuyo inakula mpaka tinalowa mu ligi ya achinyamata. Kenako oyendetsa ligi analamula kuti aliyense wokhala pabenchi ngati kochi akhale ndi satifiketi. Panali bambo wina wa m'tauni amene anasewerako mpira waukulu kale, ndipo pepalalo anali nalo. Anayamba kubwera tikamakonzekera, manja ali m'thumba, ndipo makolo ena anayamba kunena kuti mwina timu ingoperekedwa kwa iyeyo. Sanali munthu woipa. Koma ndinkadziwa kuti ndikapanda kupeza pepalalo ndibwerera kuseri kwa golo, ndipo anyamata amene ndinawadziwa akusewera mpira wachikulunga adzakhala a munthu wina. Anganga atapita, chondidzutsa m'mawa chinatsala ndi timuyo basi.

M'mawa tinkaphunzira m'kalasi. Alangizi athu anali bambo wamfupi wochokera ku Blantyre, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Za m'kalasi sizinandivute: malamulo, kakonzedwe ka tsiku lophunzitsa, chochita mwana akavulala. Masana tinkapita kubwalo. Anzanga ambiri anali akuluakulu, aphunzitsi a m'masukulu, apolisi, oyang'anira ndende, amayi awiri ophunzitsa masewera, ndi msilikali mmodzi wanthabwala. Wamng'ono pa onse ndinali ine.

Pakati pawo panali bambo wina waimvi amene anandiphunzitsa kupulayimale, yemwenso ndi mkulu wa mpingo kwathu. Ndi amene anatsogolera mwambo kumanda a anganga, ndipo pothira dothi anandigwira phewa. Anabwera kumaphunziroko chifukwa sukulu yawo inalibe wina woti imutume. Ine ndinkangowatchula kuti aphunzitsi, iwo ankanditchula kuti mwana wanga.

Mayeso enieni anali a pabwalo. Aliyense ankapatsidwa nthawi yoti aphunzitse, ndipo ife anzake tinkasanduka osewera ake, alangizi ataima pambali akuona. Ine anandipatsa kuti ndiphunzitse kupatsirana mpira pamalo opanikizika. Ndinayala makoni, tizizindikiro tapulasitiki toonetsa malire, n'kuimba wezulo kuti anthu abwere ndiwafotokozere. Anali atathamanga kale pa mayeso a anzanga ena, ndiye atafika anangodzigwetsa pa udzu, ena kukhala, ena kutsamira zigongono. Aphunzitsi anga aja anakhala kutsogolo atatambasula miyendo.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinangopezeka ndanjuta, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, maso ali pa nsapato za aphunzitsi. Ndinayamba ndi kupepesa kuti ndiwavutitsako pang'ono, kenako ndinafotokoza ndi mawu amene ndinkayankhulira ndi akulu moyo wanga wonse. Okhala kumbuyo sanamve kanthu. Msilikali uja anafunsa ngati ndataya singano mu udzumo kuti andithandize kufuna. Anthu anaseka, osati moipa. Atadzuka aliyense anachita zake. Zolakwika zonse ndinkaziona, wapolisi akulandira mpira atapatsa msana mnzake, amayi amodzi akuima pamzere umodzi ndi wowatchinga, ndipo ndinkayenda kupita kwa mmodzimmodzi kukanong'oneza. Ndikamakonza kuno, uko zinali zitasokonekera.

Alangizi anaimitsa nthawi yanga isanathe.

"Achimwene, mwabwera kudzafunsira mbeta kapena kudzaphunzitsa mpira?"

Anati kochi sanjuta. Anati pabwalo palibe bwana, palibe mkulu wa mpingo, pali osewera ndi munthu mmodzi amene onse ayenera kumuona ndi kumumva. Zimene ndinakonza anati zinali bwino, koma sangasainire munthu amene timu yake singamumve mphepo ikawomba. Anandipatsa mwayi wina pa tsiku lomaliza. Ndikalephera pamenepo ndidikire maphunziro ena, ndipo sankadziwa kuti adzachitika liti. Ligi ikanakhala itayamba kale.

Ndinati zikomo. Ndinazindikira pambuyo pake kuti pothokozapo mawondo anali atapindanso pang'ono.

Lamlungu masana ndinakwera phiri kudzera njira imene tinkadzera ndi anganga. Ndinkafuna malo oti ndikuwe popanda wondimva. Pamene kale panali mitengo ya paini yoti dzuwa silinkalowa, ndinapeza zitsa zokhazokha, zakuda ndi moto. Ndinasankha chitsa chachikulu n'kukwerapo. M'munsi tauni inkaoneka yonse, madenga a ku Chirunga, msika, minibasi zikuyenda ngati nyerere. Nkhungu inali itayamba kutsika kumbuyo kwanga.

Ndinauza zitsa kuti zithamange. Koyamba mawu anatuluka ngati a munthu wopempha madzi pakhomo pa eni. Ndinabwereza. Ndinaziuza kuti zitambasuke, zipereke mpira msanga, zibwerere kumbuyo. Pakhosi panayamba kuwawa. Patapita nthawi phiri linayamba kundibwezera mawu, ndipo ndinamva munthu wina akukalipa kutsidya kwa chigwa. Sindinamudziwe. Sindinachite mantha kapena kusangalala. Ndinangoona kuti mawuwo akufika.

Amayi atatu anatulukira ndi mitolo ya nkhuni. Ndisanaganize ndinali nditatsika pachitsa n'kupatuka m'njira. Mmodzi anali mnzawo wa anganga. Anaima mtolo uli pamutu, anandipepesa za maliro, kenako anandifunsa ngati ndikupemphera. Ndinati ayi, ndikuphunzira ntchito. Anayang'ana zitsa zija, anayang'ana mpala wanga, n'kunena kuti nditsike nkhungu isanatseke njira. Atapita ndinakweranso pachitsa.

Tsiku lomaliza kunacha ndi chiperoni, kamvula kosanyowetsa kwenikweni koma kozizira. Tinatsala ochepa obwereza mayeso. Alangizi anali ndi kachitidwe kawo kamene ndinali nditakaona kale: asanayambe munthu, ankanong'oneza mmodzi wa osewera kuti achite ulesi kapena atsutse, kuti aone chimene kochi achite. Ndikuyala makoni ndinawaona akupita kwa aphunzitsi. Anayankhula nawo mwachidule, aphunzitsi anagwedeza mutu akuyang'ana kumbali.

Ndinaimba wezulo. Anthu atayamba kukhala pansi ndinawauza kuti aime, ndipo anaima. Ndinafotokoza ndili chilili, maso ali pamwamba pa mitu yawo, pamene panayenera kuoneka phiri koma panali nkhungu. Mawu a pachitsa aja anatuluka. Msilikali anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, n'kutsekanso. Masewera anayamba ndipo ankayenda. Ndinkakuwa ndili pamalo amodzi, ndipo anthu ankatembenuka.

Kenako aphunzitsi anakhala pansi pakati pa makoni n'kuyamba kumasula chingwe cha nsapato.

Ndinadziwa kuti awa ndi mayeso. Koma ndinaonanso zina, chifukwa kuona ndiyo ntchito imene ndinkaidziwa. Mapewa awo ankakwera ndi kutsika mofulumira. Milomo inali yotuwa. Dzanja limodzi linali pa chingwe, ndipo linalo linali pa bondo limene ankalitsimphinira kuyambira tsiku lachiwiri la maphunziro. Sindinathe kusiyanitsa kuti sewero lathera pati ndipo kutopa kwayambira pati. Alangizi anali ataima kumanja kwanga, akundiyang'ana ine, osati aphunzitsi.

Ndinayenda mpaka ndinakaima pamutu pawo. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo pamwamba pa mutu wa munthu wamkulu ndili pafupi chonchi. Pakati pa imvi panali kadazi kakang'ono, konyowa ndi mvula. Mawondo anga anafuna kupinda. Ndinawaumitsa.

Ndinawauza kuti adzuke. Anakweza nkhope, ndipo ndinawayang'ana m'maso.

"Mwana wanga, ndingopumako pang'ono."

"Pano palibe mwana wanu. Dzukani, kapena tulukani m'bwalo langa."

Ndinanena mokweza moti ana asukulu amene ankadutsa kumsewu anaima. Mpira unagubuduzika wokha mpaka kunja, palibe anautsata. Aphunzitsi anandiyang'anabe kanthawi. Kenako anamanga chingwe, anatsamira manja onse pansi, anadzuka pang'onopang'ono, bondo lija pomaliza. Sindinawapatse dzanja. Analowa pamalo awo, ndinaimba wezulo, ndipo anathamanga mpaka nthawi yanga inatha.

Alangizi anati tsopano aona kochi. Msilikali anandimenya pamsana n'kunena kuti singano ija yapezeka. Ndinadikira kuti ndimve kanthu m'chifuwa. Ndinangomva kuzizira m'mutu ndi kuwawa pakhosi.

Aphunzitsi anabwera tikutolera makoni. Anandipatsa moni wa padzanja n'kunena kuti ndachita bwino, akochi, ndipo anawonjezera kuti anachita kutumidwa ndi alangizi. Za bondo sananene, inenso sindinafunse. Masiku ena onse tinkabwerera limodzi ku Sadzi wapansi, koma tsiku limenelo anakwera kabaza. Timakumanabe kutchalitchi. Amandipatsa moni bwinobwino, amafunsa za timu, amanditchula kuti akochi. Paphewa sanandigwirenso.

Satifiketi ndinailandira ndi manja awiri, ndipo pa chimenecho alangizi sananene kanthu. Nditafika kunyumba ndinaima pakhonde. Nkhata ya anganga, imene ankasenzera nkhuni, inali ikadali pa msomali pafupi ndi chitseko. Pakona pamene ankakhala madzulo panali nkhuku. Ndinaima pamenepo ndi envulopu m'manja mpaka nkhukuyo inachoka. Kenako ndinalowa n'kuiika m'sutikesi mwawo, pansi pa zitenje, chifukwa ndi malo okhawo m'nyumbamo amene mvula sifika.

Ligi itayamba, oyendetsa anaona pepala langa n'kundilozera benchi. Bambo wa m'tauni uja anabwera kudzaonerera masewera oyamba, kenako anasiya. Ndinamva kuti anapeza timu ina. Makolo anakhala pa udzu m'mbali mwa mzere monga mwa nthawi zonse, azibambo aimvi, azimayi atayala zitenje. Ine sindinakhale pabenchi paja. Ndinaima kutsogolo kwawo masewera onse, nditawapatsa msana, ndikukuwa.

Anyamata anga poyamba ankatembenuka kufuna kuona amene akukuwayo. Pofika chigawo chachiwiri anali atazolowera, ndipo ankamva. Koma uja amene amasewera bwino bambo ake akakhala palibe anayamba kundiyang'ana kaye asanakhudze mpira, ndipo kawiri konse anautaya. Bambo ake sanabwere tsikulo. Ndinamuona akuyang'ana, ndinadziwa chimene ankayang'ana, ndipo mpira utabweranso kwa iye ndinakuwa kuti aupereke msanga.