Pakamwa pa Reno wa ku Sunshine

Reno Spiteri anabadwira ku Sunshine, kumadzulo kwa Melbourne, m'nyumba ya matabwa yoyang'anana ndi njanji. Bambo ake anabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Malta, nalowa ntchito pa fakitale ya makina okololera tirigu. Chizungu chinawavuta mdalayo mpaka imfa, koma mawu otukwanira woyimbira mpira anawadziwa onse m'chaka choyamba. Ndiwo anamunyamula Reno pamapewa kupita naye ku bwalo la timu ya Kororoit, ndipo matenda amene anatenga tsiku limenelo sanachirenso.

Mpirawo iye mwini unamukana. Anayesa ali mnyamata, koma chimpira cha ku Australia, chooneka ngati dzira, chikadunda chinkapita kwina iye akuthamangira kwina. Mayi ake ankati Mulungu anamumana miyendo n'kumubwezera pakamwa. Anayendetsa mabasi a mumzinda mpaka msana unayamba kudandaula, kenako anapeza ntchito yopepukirapo, yoyendetsa kabasi konyamula okalamba. Ankawatenga m'makomo mwawo kupita nawo ku holo kukamwa tiyi, masiku ena ku dziwe losambira, n'kuwabwezanso. Anali dalaivala woleza mtima, wodziwa amene amafuna kugwiridwa dzanja ndi amene amakwiya ukamugwira.

Kororoit inatenga chikho komaliza Reno asanamere ndevu. Zaka zimenezi inkangokhalira kumchira, moti masapota ake nyengo yawo yeniyeni inkayamba mpira ukatha. Mu Okutobala matimu amasinthana osewera, kenako amasankha motsatizana anyamata ongomaliza kumene sukulu, ndipo ya kumchira ndiyo imayamba kusankha. Pamenepo aliyense ku Sunshine ankasanduka mphunzitsi wa timu.

Loweruka m'mawa Reno ankakumana ndi mnzake Goran Ristevski, wokonza mapaipi, pa kashopu ka pastizzi, timikate ta ku Malta, pafupi ndi siteshoni. Chaka chimenecho mkangano unali pa anyamata awiri: wina wamtali wa kumafamu a ng'ombe ku Warrnambool, wina waliwiro wa ku Darwin.

"Wa ku Darwin uja, aise," anatero Goran, nyenyeswa zili mbwee pamalaya. "Mwana ameneuja akathamanga ngakhale mthunzi wake umatsalira."

"Athamange kupita kuti popanda womupatsira mpira? Tikufuna wamtali."

"Wamtali tili naye kale. Drennan."

"Drennan!" Reno anamenya tebulo. "Mverani kuno, a mapaipi. Tiwatenge onse awiri. Drennan timupereke kwa aliyense amene angamufune, atipatse mwayi wina wosankha. Nkhani yatha."

"Ndani angafune bondo limeneli?"

"Opusa satha padziko. Ife tinamusunga zaka zonsezi, si choncho?"

Heath Drennan anali chimphona chodumphira mpira pakati pa bwalo, munthu woyandikira zaka makumi atatu, amene madokotala anamung'amba bondo kangapo. Ali wamng'ono anthu ankamuimbira nyimbo. Tsopano ankathamanga ngati wasenza thumba la simenti.

Reno anali ndi bwalo linanso loposa kashopu kaja. Wailesi ina ya zamasewero inkalandira mafoni a omvera tsiku lonse, ndipo "Reno wa ku Sunshine" ankadziwika mpaka ku Geelong. Ankaimba foni ali m'kabasi, okalamba ake ali mkati mwa holo. Tsiku lina pakati pa chaka, timu itakwapulidwa kwambiri, anaponya mawu amene anamutchukitsa.

"Achimwene," anauza muulutsi, "Drennan ndi firiji yakufa. Ndi yaikulu, imadya malo, koma siziziritsa kanthu. Kwathu kuno firiji yotere timaiika panja pamsewu, a khonsolo adzatole."

Muulutsi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mawuwo anawabwereza sabata yonse. Masewero otsatira, Drennan atagwetsa mpira, mbali ina ya bwalo inayamba kukuwa kuti "Fi-ri-ji! Fi-ri-ji!" Reno anali pomwepo. Anamugunda Goran m'nthiti, nkhope ili ngwee ngati wabala mwana wamwamuna.

Pa okalamba ake panali Mayi Noreen Tuckey, amene ankakhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala. Shuga anawatha maso, moti ankangoona mbuu, koma lilime linali lakuthwa. Za mpira sankayankhulako, ankakonda mipikisano ya mahatchi. Nkhani yawo ina inali ya mdzukulu wawo, amene ankamutchula kuti Bub. Anamulera okha mwana wawo wamkazi atamwalira. Bub ndiye ankawatengera kogula zinthu, ndiye ankawawenga zikhadabo za kumapazi, kuwatchetchera kapinga, kuwaikira mankhwala m'timabokosi. M'bale wina mumzindamo analibe. Reno ankamuganizira Bub ameneyu ngati kamunthu ka magalasi kogwira ntchito ku banki, ndipo sanafunsepo.

Tsiku lomaliza la kusinthana osewera, Reno anaimika kabasi pa dziwe losambira, wailesi ili pamwamba. Uthenga unabwera dzuwa lili paliwombo: Drennan wapita ku timu ya ku Perth, tsidya lina la dziko, ndipo Kororoit yapeza mwayi wachiwiri wosankha. Reno anaimba foni nthawi yomweyo.

"Firiji yatoledwa, achimwene! A ku Perth tiwatumizire ndi chingwe chake chomwe!"

Okalamba atatuluka, tsitsi lili chinyowere, anamupeza akuimba mluzu. Anawatula mmodzimmodzi. Mayi Tuckey anali omaliza. Atakhotera mumsewu wawo, Reno anaona galimoto ya bokosi kumbuyo itaima pachipata, ndipo pakhonde panakhala munthu wamtali, mwendo umodzi atautambasula, mutu uli m'manja. Munthuyo atadzutsa nkhope, phazi la Reno linaterereka pa buleki.

"Zimitsani injini, a Reno," anatero Mayi Tuckey, akufufuza ndodo yawo. "Tsikani mudzaione pafupi firiji yanu."

Reno anazimitsa injini.

"Mayi, ine sindinadziwe kuti..."

"Ine ndinadziwa. Maso ndiwo anafa, makutu ali moyo. Munthu amene amandiuza kuti 'pondani bwino, mayi' ndi yemweyo amakuwa pa wailesi yanga kukhitchini. Nditsitseni."

Anawatsitsa. Drennan anabwera akutsimphina pang'ono, nawagwira agogo ake pachigongono, kenako anatambasula dzanja lalikulu ngati fosholo.

"Ndinu a Reno? Agogo amati mumaimika basi pafupi ndi chipata kukagwa mvula, kuti asaponde m'madzi. Zikomo kwambiri, mdala."

Reno akanakonda mbama. Anagwira dzanjalo, nang'ung'udza zosamveka, n'kubwerera m'kabasi. Anayendetsa mpaka kuseri kwa ngodya, naima pansi pa mtengo, ndipo anakhala pamenepo nthawi yaitali atagwira chiwongolero.

Kunyumba, mkazi wake Carmen ankasenda mbatata. Anamvetsera nkhani yonse osasiya mpeni.

"Nanga inu mumayesa osewerawa amapangidwa kufakitale?" anafunsa. "Alibe kwawo?"

"Ndiimba foni mawa. Ndipepese pa wailesi pomwepo, anthu onse amve."

"Kuti mumvenso mawu anu akukoma? Bambo ake Tessie, mwayankhula mokwanira. Mayiwo muli nawo m'basi mwanu. Kapepeseni kumeneko, kopanda okuomberani m'manja."

Ulendo wotsatira Reno anafika pachipata cha Mayi Tuckey akuganiza kuti sawapeza. Anawapeza ataima ndi chikwama chawo cha zosambira ngati masiku onse. Anadikira mpaka ena onse atatsika.

"Mayi Tuckey, ndinalakwa. Pepani."

"Munalakwadi."

"Koma bwanji simunandiuze? Miyezi yonseyi?"

"Ndikuuzeni kuti chiyani? Muyambe kundiyang'ana ndi maso a chisoni, basi yonse idziwe? Ine ndimafuna ulendo wanga wa ku dziwe." Anakonza chikwama chawo pamiyendo. "Tsiku lija ankakuwa kubwalo, ndinamva pa wailesi. Madzulo anabwera kudzandiikira mankhwala. Ndinamufunsa kuti zayenda bwanji, anati bwino, agogo. Ndinamva manja ake akunjenjemera pa timabokosi. Mwana ameneyu amabayidwa jakisoni m'bondo kuti alowe m'bwalo, inu muli pampando ndi chakudya m'manja."

Reno anati akhoza kumawatengera kogula zinthu Bub akapita, ndi kapinga yemwe angamatchetche.

"Ayi, zikomo. Simungalipire ndi makina otchetchera. Ndiponso ndikusamuka."

Zopita ku Perth Mayi Tuckey anakana. Anati sangakwere ndege kukafera kwa eni. Drennan anawapezera malo ku nyumba yosungirako okalamba ku Colac, kufupi ndi msuweni wawo wina, ndipo nyumba ya ku Sunshine, imene anakhalamo kuyambira ali mtsikana wongokwatiwa kumene, inaikidwa pamalonda.

Tsiku losamuka Reno anapita osaitanidwa, atavala malaya a ntchito. Palibe anamuthamangitsa, palibenso anamulandira. Ananyamula mabokosi, mipando, makina osokera. Msana unkalira koma sanadandaule. Atafika kukhitchini, iye ndi Drennan anaima maso ali pa chinthu choyera chili pakona.

"Iyi ndinyamula ndekha, mdala," anatero Drennan. "Ndi m'bale wanga."

Reno anafuna kuseka, kuseka kunakana. Mawu anangotuluka okha, kuti iye ndi chitsiru, kuti akanadziwa, kuti ndiye wachititsa zonsezi. Drennan anamudula akumanga lamba pa firijiyo.

"Si inu munandigulitsa. Akuluakulu a timu samvera wailesi yanuyo, anaona zithunzi za bondo basi. Ndikanapita ngakhale mukanakhala osayankhula." Anakoka lamba mwamphamvu. "Kungoti ndinkafuna kuchoka anthu akunditchula dzina langa. Gwirani chitseko."

Reno anagwira chitseko. Pobwerera kwawo sanadziwe chimene chinamupweteka kwambiri, kuti anavulaza munthu, kapena kuti phokoso lake lonse lija silinasunthe kanthu kupatula mtima wa mayi wosaona.

Mu Novembala Kororoit inasankha anyamata ake onse awiri. Masapota anasonkhana ku kalabu kuonera pa kanema, ndipo dzina la wa ku Darwin litatchulidwa holo yonse inaimirira. Kanema anaonetsa mnyamatayo akuvala malaya a timu, amayi ake ndi azakhali ake atamuunjirira, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Nzeru zako zimenezi, aise!" anakuwa Goran. "Imba foni, uwauze! Koma timiyendo take wationa? Ngati timapaipi ta m'bafa. Akamugunda kamodzi..."

"Musiye mwana wa eni."

Goran anamuyang'ana modabwa. "Wadwala?"

"Ndati musiye."

Kuimba foni sanasiyiretu, chizolowezi cha zaka zambiri sichifa tsiku limodzi. Koma ankangodandaula za mitengo ya chakudya kubwalo ndi kusowa kwa malo oimika galimoto, ndipo muulutsi anayamba kumudula msanga. Ena ankati Reno wa ku Sunshine wakalamba. Timu inakwera pang'ono chaka chotsatira, osati kwambiri. Wa ku Warrnambool anathyoka phewa, wa ku Darwin anapukwa kwawo nayamba kupempha kuti abwerere.

Ku Colac Reno anapitako kamodzi, atanyamula pastizzi amene anamwino anati mayiwo saloledwa kudya. Mayi Tuckey anamulola kukhala, namuuza kuti awawerengere zotsatira za mahatchi m'nyuzipepala. Anawerenga zonse, iwo akutsutsa katchulidwe kake ka maina. Za mpira sanatchule ndi mmodzi yemwe. Potsanzikana anamuuza kuti dalaivala wa kumeneko amayendetsa ngati wanyamula nkhosa, ndipo Reno anawatenga mawu amenewo ngati mphatso.

Mayi Tuckey anamwalira m'nyengo yozizira, mpira uli pakati. Drennan anabwera pa ndege kuchokera ku Perth, akuyendera ndodo, bondo litatheratu. Reno anavala suti yake ya pa ukwati wa mwana wake Tessie, nayendetsa yekha mpaka ku Colac. M'katchalitchimo munali anthu ochepa, okalamba angapo ndi amuna aataliatali amene anasewerapo ndi Drennan. Reno anakhala benchi ya kumbuyo. Mwambo utatha anthu anaitanidwa kukamwa tiyi ku holo, ndipo anamuona Drennan ataima pakhomo akugwira chanza aliyense wodutsa. Reno anaima pamzerewo pang'ono, kenako anapatuka, natulukira khomo la m'mbali.

Atafika kunyumba, Carmen anamulandira jekete.

"Mwamupepesa mdzukuluyo?"

"Kunali anthu ambiri," anatero Reno, nakhala pansi kumasula nsapato.