Tsiku Limene Dujam Anakoka Sitima Chambuyo

Dujam Marušić anali mwana wa wokonza mawotchi mumzinda wa Split, ndipo analowa usilikali wapamadzi zala zake zitazolowera kale tizitsulo ting'onoting'ono. Masiku amenewo sitima zachitsulo zinali zitangofika, ndipo chitsulocho chinkapusitsa singano ya kampasi. Dujam anatha zaka zitatu akuyesa maginito mpaka anapanga kampasi yosanama.

Anakaionetsa kwa mkulu wake, Kaputeni Zlatarić.

"Zidole izi, Marušić," anatero kaputeniyo. "Siya mapepalawo pamenepo, uzipita."

Patatha miyezi isanu, nyuzipepala inalemba kuti kampasi yatsopano waipanga ndi Zlatarić. Dujam atadandaula, anamutumiza kukayeza kuya kwa nyanja kuzilumba zakutali, ndi kasitima kakale kotulutsa utsi ngati ng'anjo.

"Bambo, ingoiwalani. Mudzafa ndi mtima," ankatero mkazi wake, Mandica.

"Ndiiwale? Ndisanamuone akuchita manyazi? Ayi ndithu, mayi."

Kuzilumbako anakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Mkwiyo ndiwo unkamudzutsa m'mawa. Anapanga chida china, choyezera kuya kwa madzi sitima ikuyenda, koma ulendo uno sanaonetse munthu pepala ngakhale limodzi.

Tsiku lina m'mawa kunagwa nkhungu yoti sungaone dzanja lako. Sitima yaikulu ya Zlatarić, yemwe tsopano anali mkulu wa gulu lonse la sitima zankhondo, inatitimira mumchenga pafupi ndi doko la Šibenik. Zombo zina zinaopa kuyandikira. Dujam yekha ndiye anadutsa pakati pa miyala ndi chida chake chija.

Anazungulira kawiri sitima yotitimirayo, osafulumira, kenako anafuula: "Bwana, kodi kampasi yanu ija sinakuuzeni kuti pano ndi pamtunda?"

"Ponya chingwe, galu iwe!" anakuwa Zlatarić.

Chingwe anaponyadi, koma anachimangirira kumbuyo kwa sitimayo. Atazula sitimayo mumchenga, sanaimasule. Anayenda pang'onopang'ono mpaka nkhungu inatha, nalowa padoko masana dzuwa lili paliwombo, akukoka sitima ya mkuluyo chambuyo ngati bulu wokana kuyenda. Amayi ogulitsa nsomba anasiya madengu awo n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Zlatarić anabisala m'chipinda chake.

Mlandu wa mwano unamugwera Dujam, ndipo anamuvula yunifolomu. Zlatarić naye sanakhalitse. Kulikonse kumene ankapita, asilikali ankayenda chambuyo iye akangowapatsa nkhongo, mpaka anapuma ntchito nthawi isanakwane.

Dujam anatsegula kashopu pafupi ndi doko, n'kumapangira asodzi makampasi, iliyonse atalembapo dzina lake mozama pamkuwa. Atamva kuti Zlatarić wamwalira, anavala jekete lake labwino.

"Mukupita kumaliro a munthu ameneyo?" anadabwa Mandica.

"Ndikukaona ngati amukwirira bwino."

Anabwerako ndi botolo la vinyo, ndipo anadya nsomba ziwiri.