Malungo a Onesimo pa Fesibuku

Onesimo wa ku Chirimba anabadwa ndi zala zofewa ngati za mwana wa abusa. Bambo ake ankawotcherera mageti, koma iye kungogwira hamala, matuza. Ntchito imene anaipeza ndi yokhala pampando n'kumasewera mpira wa pakanema, tianthu tojambula tikuthamangathamanga, iye akubwebweta ngati wolengeza mpira pawailesi. Ndiye pali anthu, ena andevu zawo, amagula bandulo kuti azionerera mnzawo akusewera. Amati ali laivi.

Anayambira pa Yutubu. Kumeneko ankamuonera anthu osamudziwa, wina wa ku Joni, wina mzungu amene mwina anangosochera. Mnzake Jameson, wometa tsitsi, ndi amene anamuuza zoona.

"Aise, Yutubu imadya bandulo ngati mbuzi yolowa m'dimba. Pa Tikitoku anthu amangosuzumira n'kudutsa. Akwathu ali pa Fesibuku. Munthu wa kuno amafuna kuonera amene akumudziwa, kuti akaluza amunyoze pomutchula dzina."

Anasamukadi, oonera n'kuchuluka.

Nthawi imeneyo n'kuti atapereka kale chikole kwa Anjelina wa ku Bangwe, mwana wa Asena a Katolika. Amalume ake a mtsikanayo, a Bernard, anali asanatchule tsiku la chinkhoswe. Ankati ayambe aona ngati mnyamatayu ndi munthu.

Ndiye agogo ake a Anjelina anamwalira. Apa m'pamene wofunsira mbeta amaonekera: kulawirira, kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi, kutumidwa osanyinyirika. Koma tsiku loika maliro linagundana ndi mpikisano wa magemu ake aja. Onesimo anaimba foni, mawu akunjenjemera.

"Anje, malungo andigwetsa. Ndi kudzuka komwe ndikulephera."

"Pepani, imwani mankhwala mugone. Amalume ndiwauza," anatero Anjelina.

Anatseka chitseko n'kuyatsa zinthu zake. Chimene anaiwala n'chakuti Fesibuku si Yutubu. Ukangoyamba laivi, imathamanga kukauza anzako onse ngati mayi wamiseche wa pampopi. Ndipo iye, pofuna kukondedwa kuchipongozi, anali atapempha ubwenzi mtundu wonse wa Anjelina, mpaka amayi akwaya.

Ku Bangwe anthu akudikira kuti bokosi lituluke m'nyumba, mafoni anayamba kunjenjemera m'zitenje. Wina anasuzumira, n'kugwedeza mnzake. Foni inayenda dzanja ndi dzanja mpaka pabenchi ya azibambo. Pakanemapo wodwala uja ali phwii pampando, malaya atavula, akudya chipisi.

Onesimo ataona oonera akukwera ngati mtengo wa shuga, mtima unachita kuyera. Anayamba kulonjera mayina amene ankatuluka, maso ali pampira.

"Takulandirani a Brenda. A Regina, musaiwale laiki. Takulandiraninso a Bernard..."

Analekeza pomwepo. Pansi pa kanema panatuluka mawu a amalumewo: "Malungo aja akukupezani bwanji, bambo?"

Zala zofewa zija zinayamba kuphonya mabatani. Mnzake wampikisano anamuthira zigoli ngati akuthirira ndiwo zamasamba, anthu apamaliro akuonerera mpaka mluzu womaliza.

Mwambo wa maliro utatha, Anjelina anabwera yekha ku Chirimba, chikole chili mujumbo. Onesimo anagwada pakhonde, mahedifoni ali m'khosi.

"Dzukani, mukudetsa buluku," anatero Anjelina, n'kuika jumbo pansi. "Bodzalo mwina ndikanawapepesa amalume. Koma kujomba maliro a agogo anga kuti mukaluze chonchija, abale anga onse akuona? Ine ayi."