Mpando Wakutsogolo wa Galimoto ya Ababa

Ndikukumbukira galimoto yoyamba ya ababa, ija yotuwa ya nyali zozungulira ngati maso a kadzidzi. Pa Nsanama ponse ankaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe. Inali yaitali, buti yake inkameza matumba atatu a nandolo, ndipo m'kati munkamveka fungo la petulo, fumbi ndi mafuta onunkhira amene ababa ankadzola Lachisanu popita kumzikiti. Koma ulemerero wake weniweni unali mpando wakutsogolo: umodzi, wautali ngati benchi, giya ili pachiwongolero.

Ababa anali ndi akazi awiri: amayi aakulu, Abiti Saidi, ndi amayi anga ondibereka, Abiti Jafali. Onse awiri ankakwana pampandowo. Popita ku Balaka amayi aakulu ankakhala pafupi ndi ababa, amayi anga kuwindo, pobwerera ankasinthana. Ife ana tinkapanikizana kumbuyo. Anthu ankatama ababa kuti mitala amaitha, koma ine ndimati amene ankasunga mtendere pakhomo pathu anali mpando uja.

Galimotoyo itatopa, ababa anakagula ina ya dzina lomwelo koma yopangidwa pambuyo pake. Anafika nayo akuliza hutala kuyambira kumsika. Nyali zake zinali zamakona anayi, wailesi yake yodya kaseti. Pogula anagogoda matayala, anamvetsera injini, koma munthu wochenjera pasikelo yogulira nandolo ngati iwo sanaganizepo kanthu poona kuti opanga anadula mpando pakati n'kuimikapo giya. Kutsogolo kunatsala malo a mkazi mmodzi.

Zinadziwika tsiku la Idi, tikupita kwa azakhali ku Balaka. Amayi awiriwo anaima pachitseko chakutsogolo atatchena, aliyense akukonzakonza mpango wake, palibe woyang'ana mnzake. Ine mantha anandigwira. Ndinkadziwa makomo ena kumene nkhani yochepa ngati imeneyi inagawanitsa mbale, mapoto ndi ana omwe. Amayi aakulu ndi amene ankandiluka tsitsi, ndipo sindinkafuna kuti akhale mlendo kwa ine.

Ababa anakhosomola. "Abiti Saidi, kwerani inu. Pobwera akwera anzanuwa."

"Iyayi," anatero amayi aakulu. "Kale tinkaonekera limodzi. Lero ndidutse pamsika ndili ndekha kutsogolo, mnzanga ali kumbuyo ngati katundu? Anthu ati chiyani?" Anatsekula chitseko chakumbuyo n'kukoka amayi anga padzanja. "Tiyeni, achemwali. Adalaivala atipereke."

Anakhala kumbuyo onse awiri, ana aang'ono pamiyendo. Kutsogolo anakwezako ine, beseni la mandasi lili pamaondo, likundiotcha. Mpaka pa Liwonde, kumbuyoko kunali manong'onong'o ndi kuseka kosatha. Titaima pafupi ndi mlatho, mayi wina wogulitsa nthochi anasuzumira pawindo. "Adalaivala, tawafunsani madona anuwo ngati agula." Kumbuyo kunaphulika chiseko. Ababa anagula phava lonse kuti mayiyo achokepo msanga.

Chiyambire tsikulo amayi awiriwo sanakhalenso kutsogolo, ngakhale ababa anawanyengerera zaka ndi zaka.

Masiku ano achimwene anga ali ndi galimoto ya dzina lomwelo, mdzukulu wa zija ziwiri. Imayaka ndi batani, magiya imasintha yokha, ndipo sudziwa kuti yafika mpaka itaima pakhomo. Ababa anatisiya, amayi aakulu nawonso. Mwezi watha tinatenga amayi kupita nawo ku Balaka, ndipo achimwene anawatsekulira chitseko chakutsogolo mwaulemu. Amayi anaseka.

"Kumeneko n'kwa mandasi," anatero.

Anakwera kumbuyo n'kudzipanikiza kuwindo monga kale, ngakhale mpando wonse unali wawo. Njira yonse dzanja lawo linali pamalo a Abiti Saidi.